Maswiti amchere afika ku Bembeke, nanga ife tibweze chiyani?

Nachisale_Bembeke
Abale pagulu pano, ndithandizeni nzeru. Mlongo wanga wamng'ono amene akuphunzira zaulimi ku Wageningen, m'dziko la Netherlands, wabwera kutchuthi. M'chikwama mwake munali mapaketi atatu a maswiti akuda bii, ena ngati timakobiri, ena owumbidwa ngati amphaka. Akuti kumeneko amawatcha drop ndipo anthu amawakonda koopsa. Madzulo tinakhala pakhonde ana atatizungulira, ndiye mwaulemu tinayambira kupatsa agogo. Anaponya mkamwa n'kukhala duu. Nkhope inayamba kukwinyika pang'onopang'ono. Kenako anadzuka osayankhula, ulendo wa kuseri kwa nkhokwe. Pobwerako anangomuyang'ana mnyamatayo n'kufunsa kuti, "Iwe, azunguwo unawalakwira chiyani?" Switi yamchere, abale anga! Ndi galu yemwe ananunkhiza n'kubwerera.

Tsono vuto langa ndi ili. Akubwerera Lamlungu, ndipo anzake a m'kalasi anapangana kuti aliyense akabwere ndi switi yakwawo. Wandifunsa kuti switi ya ku Malawi ndi iti, ine kukamwa yasa. Ndazungulira magolosale a pa boma, zonse zomwe ndaona n'zobwera. Ndimupakirire chiyani? Ndipo inu amene munayendako, dziko la maswiti okoma ndi liti?

Kachewere77
Mupakirireni nzimbe. Nkhani yatha.

MwanaWaLizulu
Nzimbe m'ndege? Akamutsitsa pa Lumbadzi pomwepo ndi mtolo wakewo.

Tchona_waJoni
Funso lachiwirilo silovuta ayi: Joni. Ndakhala kuno zaka 11. Lowani m'sitolo iliyonse muone. Kuli Fizzer, uja wa pinki amene umati ukamukoka amangotalika. Kuli Lunch Bar, Bar One, Peppermint Crisp, tofi wa Wilson's. Koma mfumu ya zonse ndi Chappies. Chingamu chimenechi chinayamba kupangidwa ku Johannesburg kumapeto kwa zaka za m'ma 1940, ndipo mpaka lero ukatembenuza kapepala kake umapeza timafunso ta "kodi mukudziwa". Ana anga aphunzira zambiri za nyama ndi nyenyezi pa timapepala timeneti kuposa zomwe ndawauza ine bambo wawo.

Kachewere77
Achimwene a ku Joni ayambapo. Mawa atiuza kuti ndi mvula yomwe ya kumeneko imatsekemera.

OPhiri_aKuMphate
Ananu musamuseke, akunena zoona, kungoti sakudziwa kuti fungo la tofi wa ku Joni linafika kuno iye asanabadwe. Obambo anga anali pa Wenela. Ndege itagwa ku Francistown mu April 1974, Kamuzu analetsa zoti anthu azipitanso kumigodi, ndipo amene anali kumeneko anayamba kubwerako. Ine ndinali Sitandade 2. Tsiku lomwe anafika ndimalikumbuka ngati dzulo: sutikesi yachitsulo, jekete lalitali, wailesi, ndi chitini chodzadza tofi. Omayi anatiyika pamzere, tinali ana asanu ndi awiri, aliyense imodzi. Ine yangayo sindinatafune. Ndinkaivumata pang'ono, n'kuitulutsa, n'kuikulunganso m'kapepala kake. Inatha masiku atatu. Tsiku lachitatu ndinaipeza nyerere zaizinga pansi pa mphasa, ndinangozisasa n'kupitiriza. Chitinicho chinakhala zaka makumi atatu, omayi akusungiramo singano, ulusi ndi makhadi a ku sikelo. Lero ndikhoza kugula paketi yonse, koma mano oti nditafunire atsala anayi.

Nangozo
Ogogo mwandiliza ndi kuseka komwe. Kwathunso chitini chotere chinalipo, koma chinali cha Quality Street, azakhali anabwera nacho kuchokera ku Mangalande. Mlendo aliyense ankachitsegula ndi chimwemwe n'kupezamo mabatani.

DalaivalaWaThilaki
Ine ndimayenda njira ziwiri, ya ku Beira ndi ya ku Dar es Salaam, ndipo ndikuuzeni kuti zokoma zenizeni sizikhala m'mapaketi a fakitale. Ku Dar amayi amagulitsa kashata m'mbali mwa msewu, pafupi ndi ogulitsa khofi wowawa uja wa m'timakapu ting'onoting'ono. Ndi mtedza kapena kokonati wophikidwa m'shuga, n'kudula timabenthu. Umaluma kashata, n'kupsontha khofi, tulo tonse balala. Ku Mozambique chofanana nacho cha kokonati amachitcha matoritori. Koma chimene chinandiimitsa mutu ndi ubuyu wa ku Zanzibar. Ndinagula kapaketi kofiira psuu, kuponya mkamwa, kutsekemera, kenako katsabola kakubwera chapatali, kenako kuwawasa. Ndikufika pa nthanga ndi pamene ndinazindikira kuti ndagula malambe! Malambe omwewa amene ku Golomoti ana amagendera anyani. Iwo amawaviika m'madzi a shuga owira, kuthiramo utoto, tsabola ndi zonunkhiritsa, basi chasanduka malonda otumiza kunja.

Mtsikana_waMtakataka
Pepani achimwene, malambe sitigendera anyani ife. Timagulitsa. Mafilizesi amene mumagula pawindo la thilaki lanulo mukuganiza kuti timapangira chiyani?

DalaivalaWaThilaki
Ndapepesa achemwali. Koma filizesi singafike ku Ulaya, ikasungunukira pa Linthipe.

Mphunzitsi_Linthipe
Ndiyankhepo za maswiti akudawo, chifukwa agogo aja sanalakwiridwe. Drop amapangidwa kuchokera ku muzu wa chomera chotchedwa liquorice, umene pawokha umatsekemera kwambiri. Chimene chinakwinyitsa nkhope ya agogo si mchere wathu wa m'ndiwowu, koma mchere wina wotchedwa ammonium chloride, umene umaluma lilime ndi kukwera m'mphuno. Ku Finland amaukonda kuposanso pamenepa, amautcha salmiakki, amauyika ndi mu ayisikilimu momwe. Mwana wa kumeneko amakula nazo, lilime limazolowera. Ndi chimodzimodzi ife ndi bwemba kapena thobwa logona. Mlendo amene ndinam'patsa thobwa la masiku atatu anandiyang'ana ngati mmene agogowo anayang'anira mdzukulu wawo.

Ngakhale azungu okhaokha sagwirizana. A ku Mangalande amanyadira Cadbury Dairy Milk, imene inayamba mu 1905 ku Birmingham, ndipo ambiri a iwo akalawa chokoleti cha Hershey's cha ku America amati chikumveka mkaka wosasa. Aku America nawo amakula nacho, kwa iwo chokoleti n'chimenecho. A ku Japan anatenga KitKat, imene kwawo ndi ku York, n'kuipanga ya tiyi wobiriwira, ndipo amapatsa ana akamakalemba mayeso chifukwa dzinalo limamveka ngati mawu awo otanthauza kupambana.

Kachewere77
Aphunzitsi, ana a Fomu 4 mwawayesa KitKat? Mwina zotsatira za chaka chino zingasinthe.

Mphunzitsi_Linthipe
Ndi malipiro ake ati, mwanawe?

Che_Saidi_Mua
Ndichenjezeko abale anga achisilamu, ndi a Seventh Day omwe. Maswiti ofewa aja onga tizimbalangondo, a kampani ya Haribo, imene inayambira ku Bonn ku Germany mu 1920, ambiri amapangidwa ndi gelatin wochokera ku nkhumba. Alipo opangidwa ku Turkey amene ndi halaal, koma muziwerenga paketi musanagawire ana. Kwa ine chotsekemera choposa zonse ndi tende. Amalume atabwera ku Hajj anatipatsa zitatuzitatu, zakuda, zofewa ngati uchi wouma. Chachiwiri ndi jalebi wa amwenye, uja wopiringizika wa mtundu wa lalanje, wokazingidwa m'mafuta n'kumizidwa m'madzi a shuga. Ndinkagwira ntchito m'sitolo ina ku Lilongwe, ndiye nthawi ya Diwali abwana ankabwera ndi bokosi la laddu, barfi ndi jalebi. Laddu imodzi yokha, tsiku lonse sufunanso shuga mu tiyi.

Nangozo
Barfi ndinalawapo. Kukoma inde, koma ndinamwa madzi makapu atatu.

MayiWaMapasa
Poti tikunena za mayiko, imvani zanga. Bambo a kunyumba ankagwira ntchito ya msewu ndi Matchaina, ndiye tsiku lina anabwera ndi maswiti oyera a mkaka, papepala pali kalulu. White Rabbit, a ku Shanghai. Kuchotsa pepala lakunja, mkati mulinso kapepala kena kopyapyala komatirira. Ndinakhala pansi ndi lezala kupala switi iliyonse kuti mapasa anga asadye pulasitiki. Maswiti khumi ndi awiri, chala n'kudzicheka. Mawa lake bambowo akubwera akuseka, akuti awauza kuti kapepalako n'kodyedwa, kamasungunuka mkamwa.

MwanaWaLizulu
Kkkkk mayi, lezala!

NesiWaUsiku
Ine ndikhala wowononga phwando, mundikhululukire. Bwerani tsiku limodzi m'chipinda chozulira mano muone ana a zaka zisanu mano akutsogolo atathera m'nkhama. Choopsa kwambiri si kuchuluka kwa maswiti, koma kudya pafupipafupi. Nthawi iliyonse shuga akalowa mkamwa, tizilombo ta m'mano timamusandutsa asidi, ndipo asidiyo amadya dzino kwa kanthawi malovu asanamuchotse. Ndiye mwana amene wavumata switi yapakamtengo kuyambira pa buleki mpaka poweruka, mano ake akhala m'asidi tsiku lonse. Bola adye zitatu nthawi imodzi atatha nsima, atsuke mkamwa. Ku Sweden anazindikira zimenezi m'zaka za m'ma 1950, mpaka pano mabanja ambiri amapatsa ana maswiti Loweruka lokha. A WHO amati munthu wamkulu asapyole masupuni ang'ono pafupifupi 12 a shuga woonjezera patsiku, ndipo akatsika kufika pa 6 ndiye bwino kwambiri. Tsono werengani masupuni amene mumathira mu tiyi wam'mawa yekha.

Kachewere77
Anesi, tiyi wa ku Dedza mu June ndi mankhwala a chisanu. Musamuwerengere.

OPhiri_aKuMphate
Mwanangu nesi akunena zoona. Chakomachakoma pusi anagwa chagada. Ine ndi umboni woyenda.

Geni_paChimbiya
Inu mukukamba za kukoma, ine ndikambe za ndalama poti ndimagulitsa. Pa benchi langa switi yoyenda kwambiri ndi yapakamtengo. Zambiri zomwe timapikula ndi za ku Zambia, za Amazon zija za kampani ya Trade Kings, zina za ku Joni, zina za ku Kenya ndi Tanzania. Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu November 2023, paketi inakwera nthawi yomweyo, koma mwana wasukulu ndalama yomwe amapatsidwa ndi yomweija. Phindu pa switi imodzi n'lochepa moti ana ako akatolapo zisanu, paketi yonse wagwirira ntchito yaulere. Chimandiwawa n'choti nzimbe tikulima tokha ku Nchalo, ku Dwangwa ndi ku Salima. Shuga wathu, koma switi tikudikira iwoloke pa Mchinji.

Nangozo
Inu a geni ndi amene munayambitsa zoti "chenje palibe, tengani switi". Tsiku lina ndidzasonkhanitsa maswiti onsewo ndidzagulire sopo, tione ngati mudzalandire.

Geni_paChimbiya
Mayi, makobiri munawaona liti komaliza? Ndikubwezereni chiyani, mwala?

Tchona_waJoni
Zimenezo si za ku Malawi kokha. Akuluakulu kuno amati kale eni masitolo ankabweza Chappies m'malo mwa makobiri, n'chifukwa chake chinafala chonchi.

MwanaWaLizulu
Zobwera zobwera mukunenazi, kwathu kuno n'kungowoloka msewu. Uku Malawi, uko Mozambique, M1 pakati. Tili ana tinkadumpha kukagula mabisiketi a Maria ndi maswiti tsidya linalo, n'kubwerera belu lisanalire. Ndiye ine ndinayamba kudya za kunja ndili ndi zaka zisanu ndi chimodzi, popanda pasipoti.

Kachewere77
Ndiye mbatatesi zomwe mumatigulitsa pa Lizulu zija n'za dziko liti? Nenani zoona lero.

MwanaWaLizulu
Mbatatesi ilibe chitupa achimwene. Ya ku Tsangano, ya ku Angonia, ikalowa m'chiwaya ndi tchipisi basi.

Wapaphiri
Za ku Bembeke ndiye zenizeni, enanu mumangotsatira.

Mtsikana_waMtakataka
Ayambapo a kumapiri. Chikhala mbatatesi ndi switi bwenzi nkhaniyi itatha kale.

AnaJere_Biriwiri
Mwatchula Angonia mwandikumbutsa. Nthawi ya nkhondo ya ku Mozambique, cha m'ma 1987, kwathu kunadzadza othawa kwawo. Omayi anapatsa malo mayi wina wa ana atatu kuseri kwa khola. Analibe kanthu, koma manja ake anali ndi luso. Akapeza kapu ya shuga ndi nsawa pang'ono ankaphika zomwe ankazitcha dosi, n'kumagulitsa pa sukulu. Ankasungunula shuga m'chiwaya chopanda madzi mpaka afiire ngati uchi, kuthiramo nsawa zokazinga, n'kukhuthulira pa tsamba la nthochi. Ife ana tinkalimbirana kukokota chiwayacho. Mtendere utabwera mu 1992 anadikira chaka china n'kubwerera kwawo ku Ulongwe, sitinaonanenso. Koma omayi anali ataphunzira, ndipo fizi yanga ya ku sekondale ina inachokera m'chiwaya chimenecho. Ndiye mukandifunsa kuti tofi wa nsawa ndi wa dziko liti, ine sindingayankhe. Anabwera wapansi, atasenza mtolo pamutu.

Nachisale_Bembeke
Anajere, mwandikhudza. Koma abale, Lamlungu likuyandikira ndipo mwandiyendetsa dziko lonse lapansi osandiuza chopakira. Tibwerere ku funso.

Wapaphiri
Matowo. Chingamu cha Mulungu. Umatafuna mpaka nsagwada kuwawa, kukoma kukadalipo. Onjezanipo masuku ndi misale.

Mphunzitsi_Linthipe
Matowo ndi masuku ayi. Mayiko a European Union salola munthu kulowa ndi zipatso zaziwisi popanda chikalata cha zaumoyo wa mbewu, kupatula zochepa monga nthochi, nanazi, kokonati ndi tende. Nyama ndi zamkaka ndiye amaletseratu. Koma chinthu chophikidwa ngati tofi wa nsawa chilibe vuto. Ufa wa malambe nawo anauvomereza ngati chakudya kumeneko mu 2008, ndipo amaugulitsa modula m'masitolo a zakudya zopatsa thanzi. Anzakewo akaona malambe enieni adzadabwa kuti ife timangotola pansi. Chinthu chimodzi chokha: awauze kuti muli mtedza asanagawe. Alipo anthu amene thupi lawo limadana ndi mtedza moti kachidutswa kokha kangawatsekereze kupuma.

Tchona_waJoni
Koma tinene zoona, zimenezo n'zokopera. Kashata wa ku Tanzania, ubuyu wa ku Zanzibar, dosi wa ku Mozambique. Chathu chenicheni palibe. Angogula chokoleti pa eyapoti.

AnaJere_Biriwiri
Achimwene, chokoleti chimene mukuchitamacho koko wake amalima ndani? Woposa theka la koko wa dziko lonse amachokera ku Ivory Coast ndi Ghana. Ku Switzerland kulibe mtengo wa koko ngakhale umodzi, koma Toblerone amati ndi yawo. Iwo akatenga cha eni n'kuphika chimakhala chawo, ife tikatero ndiye kukopera? Nsawa zathu, shuga wathu, chiwaya chathu.

Kachewere77
Mngoni wakwiya. Achimwene a ku Joni thawani, chibonga chikubwera.

Tchona_waJoni
Ndagonja azakhali. Ndikabwera pa Khirisimasi mundisungire.

Geni_paChimbiya
Nachisale, lembani izi. Makapu awiri a nsawa, kapu imodzi ya shuga. Nsawa zikhale za chalimbana kapena CG7, zazikulu bwino, musankhe muchotse zofufuzidwa ndi zankhungu zonse. Kazingani pa moto wochepa, zizizire, mufikise m'manja, mupete pa lichero. Mukafuna muzisinje pang'ono mumtondo, kungoziswa pakati, osati mpaka chiponde. Thirani shuga m'chiwaya chouma pa mbaula ya makala amene ayamba kuchita phulusa, osati moto walawilawi. Musachokepo! Shuga amapsa ukangotembenuka kuyankha moni. Akasungunuka n'kufiira, kamchere pang'ono, nsawa zonse, vundulani msanga ndi mthiko, khuthulirani pa thileyi yopaka mafuta. Salazani ndi botolo, dulani ndi mpeni zikadali zofunda. Zikazizira simudulanso, mudzachita kuswa ndi hamala. Ndipo ana akhale kutali, shuga wosungunuka amawotcha kuposa phala. Chipsera chili pa dzanja langali ndi cha 2016.

Mtsikana_waMtakataka
Malambe ndikutumizirani ine pa minibasi ya mawa m'mawa, mukalandirire pa boma. Wiritsani kapu ya shuga ndi theka la kapu ya madzi mpaka azinanda pakati pa zala, ikanimo malambe, vundulani mpaka aume, muwaze ufa wa malambe pamwamba kuti asamatirirane. Tsabola muyike pang'ono, azungu angalire.

Kachewere77
Ayi, muyike kambuzi wambiri. Tibwezere za agogo.

NesiWaUsiku
Ndipo mlongo wanuyo akawauze kuti Loweruka lokha.

Nachisale_Bembeke
Ndabwera ndi lipoti. Chiwaya choyamba chinapserera chifukwa apongozi anafika nthawi yomweyo ndipo sindikanatha kuwayankha moni nditawafulatira. A geni munanena. Chachiwiri chatuluka bwino, timabenthu 40, koma pofika madzulo tinatsala 31 ndipo palibe mwana amene akuvomera. Malambe afika, zikomo achemwali a ku Mtakataka, ndapanga mbali ina ya tsabola mbali ina yopanda. Zonse zili m'zitini ziwiri pansi pa zovala zake.

Za drop zija, paketi imodzi agogo analanda. Ife timaganiza kuti akukataya kudzala. Dzulo ndawapeza akuthira timaswiti takudato pamwamba pa shuga m'chitini chawo chija amabisa kumutu kwa bedi. Akuti chiyikireni, mdzukulu aliyense amene amabwera kudzabwira shuga akangotsegula amatseka yekha.

OPhiri_aKuMphate
Mapaketi awiri otsalawo musataye mwanangu. Kuno adzukulu alipo asanu ndi anayi, ndipo shuga wakwera mtengo. Ndituma mnyamata wa kabaza Lachiwiri.